Lesitilanti ya pa boma la Dedza imene imasamala anthu osayanjana ndi mtedza

Kudya kunja kwa nyumba n'kovuta kwambiri kwa munthu amene mtedza sumuyanja, makamaka kuno kuchigawo chapakati kumene nsinjiro zimalowa pafupifupi mu ndiwo zonse zamasamba. Nkhwani, chisoso, mpiru, bonongwe, futali ngakhalenso phala la m'mawa, ophika ambiri amatendera mwachizolowezi, ndipo sawona chifukwa chouzira wogula kuti m'ndiwomo muli mtedza. Mwana wanga wamkazi akalawa chakudya chokhudzana ndi mtedza milomo ndi zikope zimatupa, thupi lonse limatuluka ziwengo zoyabwa, ndipo achipatala anatichenjeza kuti vuto lotereli likhoza kufika pomubanikitsa. N'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino kulemba za lesitilanti ina yaing'ono ya pa boma la Dedza, yopanda chikwangwani chooneka patali, imene amayendetsa mayi ena achikulire mothandizidwa ndi atsikana ophika ndi mnyamata wokazinga tchipisi.

Chimene chinandikopa pamalowa si kukoma kwa chakudya kokha, ngakhale kuti nkhuku yawo yachikuda ndi nyemba zawo n'zosachita kufunsa. Chachikulu n'chakuti mayiwa amadziwa chilichonse chimene chalowa mumphika uliwonse, ndipo ukawafunsa amayankha modekha, osakuona ngati munthu wovuta kapena wonyada. Nditawafotokozera za mwanayu anandilowetsa m'khitchini kuti ndidzionere ndekha. Nsinjiro amazisunga m'ndowa yapulasitiki yovundikira bwino, pashelefu yakeyake pafupi ndi khomo, kutali ndi ufa ndi mchere. Mithiko yotenderera ndiwo anaimanga kaulusi kofiira kuchigwiriro kuti isasokonezeke ndi inzake, ndipo masamba amayamba awaphika ndi tomato ndi anyezi, n'kupatula gawo lina m'poto wina asanathire nsinjiro m'gawo lotsalalo. Zinthu zimenezi zikhoza kuoneka zazing'ono, koma kwa kholo la mwana wa vutoli ndi pamene pagona nkhani yonse, popeza chimene chimadwalitsa munthu mu mtedza ndi puloteni imene siifa ndi moto. Kukazinga, kuwiritsa kapena kusinja sikuichotsa mphamvu, ndipo kachidutswa kotsalira pa mthiko n'kokwanira kudzutsa matendawa mwa anthu ena.

Ndimayamikiranso kuti mayiwa sananenepo mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwina, akuti mwanayo angolawa pang'ono kuti thupi lizolowere. Malangizo oterewa amaperekedwa ndi mtima wabwino, koma ndi oopsa kwa mwana amene vutoli linadziwika kale, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwake chimaona mtedza ngati mdani, ndipo kulawa kumene kunangobweretsa ziwengo ulendo woyamba kukhoza kutsekereza mpweya ulendo wotsatira. Kuyesa kulikonse kwa mtundu umenewu kumayenera kuchitikira kuchipatala, pamaso pa dokotala, osati patebulo la lesitilanti.

M'malo mwa nsinjiro, munthu akanena dzulo lake, mayiwa amatendera nkhwani ndi nthanga za maungu zokazinga ndi zosinja mumtondo wina umene sulowamo mtedza. Ndiwo zake zimatuluka zobiriwira, zonona pang'ono, zonunkhira mosiyana ndi zotendera zimene tinazolowera, ndipo mwana wanga, amene anakula akungoonerera anzake akudya zotendera, amazidya mpaka kupukuta mbale ndi mbamu yomaliza. Nyemba zawo, zimene zimachokera m'minda ya konkuno ku Dedza, amaziphika mpaka msuzi kukhuthala popanda kuthira zokometsera za m'mapaketi. Izi n'zothandiza chifukwa munthu akasiya mtedza amafunika kupeza zomanga thupi kuchokera ku nyemba, khobwe, nandolo, mazira, nyama kapena nsomba, malinga ndi zimene thupi lake limalola. Ambiri amene mtedza suwayanja amadya nyemba popanda vuto ngakhale kuti mbewuzi n'zapachibale, koma pa mfundo imeneyi aliyense atsate zimene anamuuza achipatala.

Pa tchipisi ndi pamene ndili ndi mawu awiri, oyamikira ndi odandaula. Pa ziwaya zambiri za m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Lizulu mpaka ku Ntcheu, mafuta amodzi omwewo amakazingira mbatata ya kachewere, zigege zoviika mu ufa wa tirigu, nkhuku, mazira, nthawi zina ndi nsomba zomwe, moti munthu amene nsomba, mazira kapena tirigu sizimuyanja amadwala atangogula tchipisi yekha. Palesitilantiyi tchipisi ali ndi chiwaya chakechake, ndipo mafuta ake ndi a mpendadzuwa ochokera m'chigubu chokhala ndi chizindikiro cha kampani, osati oyezedwa m'timabotolo tosadziwika kochokera. Komabe tsiku lina kumapeto kwa mwezi, anthu atadzaza mpaka pakhonde, ndinaona mnyamata wokazingayo akuvuulira tchipisi ndi chipande chomwe anali atangovuulira chambo. Kwa mwana wanga zimenezi sizinali ndi ngozi, koma kwa munthu amene nsomba sizimuyanja zikanatha kumugoneka m'chipatala. Nditawauza mayiwa anamudzudzula pomwepo, ndipo anagula chipande china, koma zinandionetsa kuti dongosolo lawo limafooka ntchito ikachuluka.

Nkhani ya mkaka nayonso ikufunika kuikonza. Tiyi amabwera wopanda mkaka, mkakawo n'kubwera m'kapu yapadera, zimene zili bwino kwambiri m'tauni yozizira ngati ino mmene anthu amamwa tiyi nthawi iliyonse, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Vuto n'lakuti atsikana operekera chakudya amasokoneza mavuto awiri osiyana. Akuluakulu ambiri kuno ku Africa akamwa mkaka wa ng'ombe mimba imafufuma, imadzaza mpweya, mwina n'kutsegula, chifukwa matumbo awo anachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka wotchedwa lactose atasiya kuyamwa. Vutoli limasowetsa mtendere koma silipha, ndipo anthu otere nthawi zambiri amamwa chambiko kapena yogati popanda kuvutika kwenikweni, popeza gawo lina la shugayo limakhala litatha pamene mkakawo unkasasa. Mwana amene thupi lake limalimbana ndi puloteni ya mumkaka ali ndi vuto lina kotheratu, ndipo kwa iye chambiko n'choopsa mofanana ndi mkaka wongokamidwa kumene. Ndinamva mmodzi wa atsikanawa akuuza mayi wina wobereka mwana kuti chambiko sichivuta aliyense, ndipo ndinachita kulowererapo.

Kwa amene amapewa tirigu malowa ndi osavuta, chifukwa chakudya chathu chenicheni, monga nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi thobwa la chimanga ndi mawere, chilibe puloteni yotchedwa gluten imene imapezeka mu tirigu ndi balere. Chofunika kusamala ndi zitumbuwa, zimene ngakhale zili za ufa wa chimanga ndi nthochi, pano zimakazingidwa m'mafuta amodzi ndi mandasi. Za ufa wa nsima ndinafunsa mwapadera, popeza kuchigayo anthu ambiri amagayitsa chimanga chosakaniza ndi soya ndi mtedza cha phala la ana, ndipo zotsalira zake zimalowa mu ufa wa amene wabwera pambuyo. Mayiwa anandiuza kuti ufa woyamba kutuluka m'chigayo amaupatula n'kukaugwiritsa ntchito kunyumba kwawo, wa lesitilanti n'kukhala wotsatirawo. Njira imeneyi imachepetsa ngozi koma siithetsa, ndipo banja limene mwana wake anafikapo pobanika liyenera kuiganizira mofatsa mfundoyi lisanasankhe nsima ya kunja kwa nyumba.

Mapaketi a nyama ya soya, majarini ndi zokometsera za supu sawataya msanga, amawasunga m'bokosi kuti wofuna awerenge yekha zimene zalembedwapo. Ichi n'chinthu chanzeru, chifukwa zokometsera zina zimakhala ndi soya, tirigu kapena mkaka wa ufa mobisika. Mndandanda wa zosakaniza umalembedwa m'Chingerezi ndi tizilembo ting'onoting'ono, choncho amene maso akuvuta atenge magalasi awo. Tikumbukirenso kuti chidindo cha Malawi Bureau of Standards chimasonyeza kuti katundu anakwaniritsa miyezo, osati kuti ndi woyenera munthu aliyense wa ziwengo.

Chofooka chachikulu pamalowa n'chakuti nzeru zonsezi zili m'mutu mwa munthu mmodzi. Palibe pepala kapena bolodi losonyeza chimene chili mu ndiwo iliyonse, ndipo mayiwa akachoka kupita kumaliro kapena kukagula katundu, atsikanawo amayankha mongoganizira kuti asakhumudwitse wogula. Ndikanakonda akanalemba m'Chichewa pakhoma, pafupi ndi mitengo ya zakudya, ndiwo zimene zili ndi mtedza, soya, mazira, mkaka, nsomba kapena tirigu, n'kuwaphunzitsanso atsikanawo kunena kuti sakudziwa pamene sakudziwa. Mitengo yawo ndi yokwererako poyerekeza ndi ya malo odyera a kudepoti, ndipo chakudya chophikidwa mwapadera chimachedwa, moti wapaulendo wothamangira basi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangachidikire.

Ngakhale zili choncho, pa boma la Dedza awa ndi malo amene ndimalola mwana wanga kudyapo, bola mayi eni ake alipo. Amene akufuna kupitako afike nthawi ya nkhomaliro isanakwane, pamene miphika isanasakanikirane, ndipo alankhule ndi mayiwo pamaso m'pamaso, osati kutuma uthenga kudzera mwa operekera chakudya. Mankhwala amene anapatsidwa kuchipatala asawasiye kunyumba, koma adziwe kuti mapiritsi ngati Piriton kapena cetirizine amangoziziritsa kuyabwa ndi ziwengo. Lilime kapena kukhosi kukayamba kutupa, mawu akasasa, munthu akamabanika kapena kuchita chizungulire atangodya, chofunika ndi jakisoni wa adrenaline mwachangu, ndipo wodwalayo athamangire naye kuchipatala chachikulu cha pabomapo osadikira kuti aone ngati mapiritsi agwira ntchito.