Chibangili cha MedicAlert patatha zaka ziwiri ndikuchivala

Zaka zinayi zapitazo ndinagonekedwa m'chipatala china kuno ku Johannesburg kwa milungu itatu, thupi langa litakana mankhwala a cotrimoxazole, omwe ambiri timawadziwa ndi dzina loti Bactrim. Ndinayamba ndi kutentha thupi, kenaka matuza anabuka m'kamwa, m'maso ndi pachifuwa mpaka khungu linayamba kusupuka ngati ndapsa ndi madzi otentha. Madokotala anati ndi Stevens-Johnson syndrome, nthenda yomwe inatchedwa maina a madokotala awiri a ku America amene anaifotokoza mu 1922.

Ndinachira, koma thupi silinabwerere mwakale. Maso anga satulutsanso misozi yokwanira, choncho ndimadontheza mankhwala kangapo pa tsiku, ndipo kuwala kwa dzuwa kumandilasa m'maso, makamaka m'miyezi yozizira pamene mpweya wa kuno umauma kwambiri. Pamsana ndi m'manja ndili ndi mawanga akuda, pomwe zikhadabo ziwiri zinamera mopindika. Chachikulu pa zonse ndi chenjezo lomwe dokotala anandipatsa pondituluka: ndikadzamwanso mankhwalawa, nthendayi ikhoza kubwerera mwaukali koposa poyamba.

Poyamba ndinagula kachibangili kotchipa kochenjeza achipatala za mankhwalawa pamalo ena ogulitsira zinthu m'tauni, koma zilembo zake zinafufutika pasanathe miyezi itatu chifukwa cha sopo wa kuntchito. Nditatero ndinalembetsa ku MedicAlert, bungwe lomwe linayambika ku California mu 1956, dokotala Marion Collins ataona mwana wake wamkazi atatsala pang'ono kufa thupi lake litakana mankhwala. Chibangili chawo n'chachitsulo, kutsogolo kuli chizindikiro cha njoka yozinga ndodo, ndipo kumbuyo anagoba mankhwala amene sindiyanjana nawo, nambala yanga ya umembala ndi nambala ya foni yomwe imayankhidwa usana ndi usiku. Zilembozo zikuwerengekabe bwinobwino ngakhale ndimachapa ndi kutsuka mbale tsiku lililonse.

Phindu lake ndinaliona chaka chatha pomwe ndinakomoka pokwerera matekisi ndipo anthu achifundo anandithamangitsira kuchipatala chaching'ono. Munthu ukangotsitsimuka, Chingelezi chimathawa, ndipo Chizulu changa n'chongogulira tomato pamsika. Namwino anatembenuza dzanja langa, nawerenga, nalemba pakhadi ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Mtima unakhala pansi.

Langizo langa kwa amene mukufuna kulembetsa ndi loti mupemphe dokotala akulembereni dzina lenileni la mankhwala ndi gulu lake, osati dzina la pabokosi lokha, chifukwa cotrimoxazole yemweyo kuno amagulitsidwanso pa dzina loti Purbac. Kwa ife Amalawi nkhaniyi ndi yofunika kwambiri, popeza Fansidar kapena SP, yemwe anali mankhwala oyambirira a malungo kwathu kuyambira 1993 mpaka LA atabwera mu 2007, ali m'gulu limodzi ndi cotrimoxazole, lotchedwa sulfa, ndipo amayi oyembekezera amalandirabe SP kusikelo. Mchemwali wanga wa ku Mangochi sankadziwa zimenezi mpaka nditamuonetsa mawu a kumbuyo kwa chibangili.

Umembala umalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo kwa munthu wogwira ntchito za m'nyumba amene akutumizanso ndalama kumudzi, ndalamayo imamveka m'thumba. Ine ndimailipira mosadandaula poyerekeza ndi masiku omwe ndinkalephera kumeza ngakhale phala. Ndikamakwera basi yopita kwathu kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, sindidalira chibangili chokha, chifukwa si chipatala chilichonse cha kumudzi chomwe chingaimbe foni kunja kwa dziko. Ndimanyamulanso kalata ya dokotala, ndipo ndinapempha a kilinikala a kwathu kuti alembe chenjezo lomweli ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba la buku langa la kuchipatala.