Ndemanga pa mawaya a kopa a 2.5mm² ndi 6mm² amene ndinagula ku Limbe

Mawaya amenewa ndinawagula mu sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Limbe pamene tinkalumikiza magetsi m'nyumba yathu ku Machinjiri, ndipo ndadikira kuti adutse nyengo yotentha ndi yamvula ndisanalembepo kanthu. Ndi mawaya amodziamodzi okutidwa ndi pulasitiki wa PVC, a mipukutu ya mamita 100, ofiira, akuda ndi obiriwira osakaniza chikasu. Wayawo ndi wabwino ndipo ndingaugulenso. Chimene sindinakhutire nacho ndi uphungu umene umaperekedwa pa kauntala, chifukwa ungathe kusocheretsa munthu amene wagula katundu wabwino.

Nkhawa yanga yoyamba inali yoti ndingagule aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, amene amaoneka ngati kopa weniweni koma amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo awiri mwa atatu chabe a mmene kopa amachitira. Mmisiri amene tinamulemba ntchito, yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, anadula kachidutswa n'kukapala ndi mpeni, ndipo mkati monse munali mofiirira, mopanda kuyera kulikonse. Kenako anayeza kunenepa kwa kopayo ndipo anapeza kuti kukugwirizana ndi mamilimita 1.78 amene waya wa chingwe chimodzi wa 2.5mm² umayenera kukhala nawo. Muyezo wa mayiko onse wa IEC 60228 umati kukana magetsi kwa waya wotere kusapitirire ma ohm 7.41 pa kilomita, kutanthauza pafupifupi 0.74 pa mpukutu umodzi, ndipo mita yake sinasonyeze zoposa pamenepo. Ngakhale m'manja umamveka kulemera, pakuti kopa yekha wa mu mpukutu wotere amaposa pang'ono makilogalamu awiri. PVC wake ankasendeka bwino osang'ambika, ndipo pokoka mawayawo m'mapaipi sanasupuke pa makona.

Nditafunsa wogulitsa kuti waya wa 2.5 umanyamula magetsi ochuluka bwanji, anandiyankha mosakayika kuti, "Bambo, uwu ndi wa ma amp 27, ikani chilichonse." Sananame, koma anangonena mbali imodzi ya nkhani. Chiwerengero chimenecho chili m'matebulo a BS 7671, malamulo a ku Britain olumikizira magetsi amene amisiri ambiri kuno anaphunzira nawo ntchito, ndipo chimanena za waya wokhomeredwa poyera pakhoma, pamene mpweya ukuuziziritsa. Waya womwewo ukalowa mu paipi, monga mmene timachitira m'makoma athu a njerwa, tebulo limatsika kufika pa ma amp 24, ndipo ukakhala m'khoma lotsekeredwa ndi zinthu zosunga kutentha umatsala ndi pafupifupi 20. Wa 6mm² nawonso umachoka pa 47 poyera kufika pa 41 mu paipi. Chifukwa chake n'chakuti magetsi akamadutsa kopa amatentha, ndipo PVC wamba sayenera kupitirira madigiri 70, choncho chilichonse cholepheretsa kutenthako kutuluka chimachepetsa mphamvu imene waya unganyamule.

Apa m'pamene nyengo yathu imalowererapo. Matebulo amenewa anawerengedwa poganizira kuti mpweya wozungulira waya uli pa madigiri 30, koma aliyense amene anakwerapo pakati pa siling'i ndi malata masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko n'kotentha kuposa pamenepo. Malamulowo amapereka nambala zochulukitsira: 0.87 pa madigiri 40 ndi 0.79 pa madigiri 45. Mmisiri wathu anawerengera 45 pa waya wopita ku giza, amene ali m'denga, ndipo ma amp 24 aja anasanduka pafupifupi 19. Akanaphatikiza mizere iwiri mu paipi imodzi, monga ena amachitira pofuna kupulumutsa mapaipi, akanachulukitsanso ndi 0.80, n'kutsala ndi ma amp 15 okha pa waya umene m'sitolo amautcha wa 27. Giza wa 3kW amakoka pafupifupi ma amp 13 pa magetsi athu a 230V, kotero anamupatsa paipi yakeyake ndi buleka ya ma amp 16. Anandifotokozera kuti ntchito ya buleka ndi kuteteza waya, choncho iyenera kukhala yokulirapo kuposa zimene chipangizo chikukoka koma yosapitirira zimene wayawo ungapirire pamalo otentha kwambiri amene wadutsa. Ku cooker anaika wa 6mm² pa buleka ya 32.

Chisokonezo china chimabwera chifukwa katundu wa m'masitolo athu amachokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi buku lake la malamulo. Ku South Africa amatsatira SANS 10142-1, ndipo kumeneko chizolowezi n'kuika masoketi pa waya wa 2.5mm² ndi buleka ya ma amp 20. Ku Britain waya womwewo umaikidwa pa buleka ya 32, koma pokhapokha ukalumikizidwa mozungulira, kuchoka mu DB (bokosi la mabuleka) n'kudutsa masoketi onse mpaka kubwereranso mu DB, kuti magetsi azigawika njira ziwiri, ndipo pulagi iliyonse imakhala ndi fyuzi yake yosapitirira ma amp 13. Munthu akangomva kuti 2.5 imayenda ndi 32, n'kuika buleka imeneyo pa mzere wongopita osabwerera, waya umatha kutentha mopitirira muyeso buleka isanadule. Matebulo a ku America amene amapezeka kwambiri pa intaneti ndiye amasokoneza koposa, chifukwa iwo amayeza kunenepa kwa waya mu muyezo wawo wotchedwa AWG: 14 AWG ndi pafupifupi 2.08mm² ndipo amaiteteza ndi ma amp 15, pamene 12 AWG ndi 3.31mm² ya ma amp 20. Palibe iliyonse mwa ziwirizi imene ikufanana ndi 2.5 yathu. Mitundu nayonso imasiyana, popeza Britain inasiya wofiira ndi wakuda n'kutengera wabulauni ndi wabuluu kuyambira 2004, pamene katundu wambiri wotifikira akadali wa mitundu yakale.

Pa pepala lokutira mipukutuyo panalembedwa kukula kwa waya, utali wake ndi 450/750V basi. Panalibe tebulo ngakhale laling'ono losonyeza kusiyana kwa waya wa poyera ndi wa mu paipi, ndipo ndikuona kuti sitolo yogulitsa katundu wabwino chonchi ikanatha kupachika pepala limodzi pakhoma m'malo mosiyira wogulitsa kutchula nambala imodzi kwa aliyense. Mtengo wake unali wokwererapo poyerekeza ndi mipukutu ina yopepuka imene ndinaiona kwina, koma kusiyanako ndinakuvomereza nditaona mmene kopa wake alili.

Chiyambire kugwiritsa ntchito, buleka sinadulepo popanda chifukwa, ndipo palibe fungo la pulasitiki wopserera ngakhale pamene cooker, giza ndi ayironi zayaka nthawi imodzi madzulo. Mmisiri atabweranso kudzaonjezera soketi kukhitchini anatsegula DB, ndipo PVC wa pa malo olumikizira anali asanasinthe mtundu kapena kuuma. Amene akufuna kugula mawaya a mtundu uwu apite ndi mmisiri wawo kapena atenge mndandanda umene iye walemba, wosonyeza kukula kwa waya ndi buleka ya mzere uliwonse, ndipo apemphe kupala kachidutswa kochokera pa mpukutu womwe akugulawo asanalipire.