Ukaputeni wamsanga ku New York kapena kudikira ku Atlanta

M'makampani akuluakulu a ndege ku America, monga Delta Air Lines, woyendetsa ndege amapatsidwa nambala malinga ndi tsiku limene analembedwa ntchito, ndipo nambalayo ndiyo imalamula mzinda woyambirako maulendo, mtundu wa ndege, tchuthi komanso nthawi yokwezedwa kukhala kaputeni. Akasamukira ku kampani ina amakayambiranso kumchira, ngakhale atakhala kuti wauluka zaka 20.

Wachiwiri kwa kaputeni amene wakwanitsa maola 1,000 ouluka ofunidwa ndi FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, kuti munthu akhale kaputeni, amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kupempha ukaputeni ku New York, kumene mipata imapezeka msanga popeza akale pantchito ambiri amapewa kukwera mtengo kwa nyumba. Malipiro amakwera ndithu, koma pakati pa makaputeni iye ndiye wakumchira: amakhalira kudikira foni yomuitana kukalowa m'malo mwa wodwala, pa Khirisimasi amakhala ali mlengalenga, ndipo ngati banja lake lili kutali amagona pabedi losanjikiza m'nyumba ya lendi yodzaza anzake ku Kew Gardens, dera la mu New York, yunifolomu itapachikidwa pachitseko.

Yachiwiri ndi kukhalabe pampando wakumanja, wa wachiwiri kwa kaputeni, ku Atlanta, likulu la Delta, kumene zaka zikamapita amayamba kusankha yekha masiku opuma, ngakhale ndalama zimachepa.

Kwa kholo la ana aang'ono, ndikuona kuti kudikira kuli bwino. Koma amene analowa ntchitoyi atakula asachedwe, chifukwa lamulo limamupumitsa akakwanitsa zaka 65.