Wakabaza wondiyendetsa kumanda a asilikali pa Mangochi

Ukwati wa mwana wa achemwali anga utatha, ndinatsala ndi m'mawa wonse wa Lolemba ndisanakwere basi ya ku Zomba. Pa depoti mnyamata wina wakabaza, wa njinga yakapalasa yokhala ndi khushoni yofiira, anati: "Mayi, ndikuonetseni Fort Johnston, K3,000 yokha." Dzina lakaleli ndi limene linandikopa. Anyamata ambiri a masiku ano sadziwa n'komwe kuti tauniyi inkatchedwa choncho, potengera dzina la Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno.

Tinayambira pa chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Apa mnyamatayu ndi katswiri. Anandionetsa mfuti yaikulu imene inali pa sitima ya nkhondo ya Angerezi ya Guendolen, n'kufotokoza mmene Kaputeni Rhoades wa sitimayo anaonongera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, Ajeremaniwo asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Amafotokoza ndi manja, ndi nkhope, mpaka amayi ogulitsa mandasi anasiya malonda. Koma pa chikumbutso cha sitima ya Vipya anaphonya. Akuti inamira "chapompano". Ayi ndithu, inamira kumpoto kwa nyanja mu 1946, n'kupha anthu 145. Ndinamukonza, iye n'kungoseka: "Mayi ndinu aphunzitsi eti?" Analasa.

Kumanda ndi kumene ndalama yanga inagwira ntchito. Anatsika panjinga tisanafike pachipata, n'kuvula chipewa, osati zochita kuuzidwa. Ena mwa manda amenewa ndi a asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo amasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Miyala yake ndi yooneka bwino, zolemba zikuwerengeka. Anandisiya ndiwerenge ndekha, osandithamangitsa, iye atakhala pamthunzi. Nditafunsa za makolo athu amene ankasenza katundu wa nkhondoyo, amtengatenga aja, anangoti: "Amenewo Mayi, mwala wawo ndi tchire." Ndinakumbuka malemu agogo anga aamuna, amene ankatiuza za amalume awo omwe anatengedwa ndi mtengatenga osabwerako. Sindinayankhule kwa kanthawi ndithu.

Zodandaula zilipo. Khushoni ija ndi yokongola m'maso basi, msana unandiwawa mpaka ku Liwonde. Komanso sanandichenjeze za dzuwa la kuno, lomwe pofika 10 koloko limakhala ngati wayatsira mbaula pamutu. Tengani madzi ndi ambulera, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere, chifukwa pobwerera anayamba za "kangachepe ka fanta".

Ndinamupatsa K4,000. Nambala yake sindinatenge, koma pa depoti mukangofunsa mnyamata wa khushoni yofiira amene amati Fort Johnston, anzake akulozerani.