Database yodzuka yokha magetsi akabwera, mmene yakhalira mpaka pano

Kaseva ka MariaDB, pulogalamu ya database, komwe ndinaika pa famase ina ku Matawale mu Zomba kadutsa dzinja lonse ndi chisanu chomwe, ndiye pano ndingathe kunena zoona zake za setup imeneyi, chifukwa tsiku loika chilichonse chimaoneka bho. Makinawo ndi Dell OptiPlex yakaunjika, Ubuntu 22.04, MariaDB 10.6, ndipo makompyuta a pakauntala amawerenga stock ndi mitengo kuchokera mmenemo. Eni ake anangopempha chinthu chimodzi basi, kuti magetsi akapita nkubwera asamandiimbirenso foni kuti achimwene bwerani system yakana, poti ine ndimakhala ku Chinamwali ndipo kabaza si waulere.

Gawo lomwe aliyense amakuuzani ndi losavuta, sudo systemctl enable mariadb, kenako systemctl is-enabled mariadb ikuyankheni kuti enabled. Pa Ubuntu ukaika ndi apt imabwera ili enabled kale, ndi pa Fedora ndi Rocky pomwe umayenera kuchita wekha. Ambiri amasokoneza start ndi enable, start imayatsa pompo koma ukazimitsa makina zathera pomwepo, enable ndi imene imauza systemd, yomwe imayatsa mapulogalamu pa Linux, kuti boot iliyonse aziyatsa. Apa palibe chomwe chavutapo chiikireni.

Koma enable ilibe ntchito ngati kompyutayo payokha sinayake. Desktop magetsi akabwera imangokhala phee kudikira munthu adine batani. Pa Dell umadina F2 poyatsa kuti ulowe mu BIOS, ma setting a motherboard, kupita pa Power Management, AC Recovery, nkusankha Power On. Pali ina ya Last Power State koma sindiikonda, wina akazimitsa bwinobwino madzulo ndiye kuti magetsi akapita nkubwera sidzuka yokha. Kwa ine setting imeneyi ndi yomwe yagwira ntchito yaikulu kuposa command ina iliyonse.

Vuto lenileni linabwera mvula itayamba. Kuno kunsi kwa phiri mukudziwa mmene ziphaliwali zimachitira, magetsi amatha kuphethira kangapo madzulo amodzi. Tsiku lina makina ayaka bwinobwino, fan ikulira, koma pakauntala system ikuti siikupeza database. Kuona log ndi journalctl -u mariadb -b ndinapeza mzere woti Bind on TCP/IP port, Cannot assign requested address. Nkhani yake ndi iyi, mu file ya ma setting ya 50-server.cnf, bind-address, yomwe imanena IP yoti MariaDB izimvetserapo, inali pa IP ya makinawo kuti apakauntala azifikako, koma magetsi akabwera kompyuta imadzuka msanga kuposa rauta, ndiye MariaDB ikufuna kugwira IP yomwe sinafike, imangogwa. Unit yake, file yomwe systemd imatsata poiyatsa, imadikira network.target yokha, yomwe sitanthauza kuti netiweki yalumikizikadi. Njira zilipo ziwiri. Mutha kupanga systemctl edit mariadb nkuikamo Wants ndi After za network-online.target, kapena kuika bind-address pa 0.0.0.0 nkutseka port 3306 ndi firewall ya ufw kuti ilole makompyuta a mu shopumo okha. Ine ndinachita zonse ziwiri ndipo chichitireni sizinabwerezenso. Kungoti boot imachedwako pang'ono rauta ikamazengereza, atsikana a pakauntala anazolowera, amayamba asesa kaye.

Za data ndiye ndinkaopa kwambiri, poti kuzima kwa dzidzidzi ndi pomwe ma table amaonongeka. InnoDB, engine yosungira ma table mu MariaDB, yandisangalatsa, ikamadzuka imawerenga redo log nkukonza yokha, mu log umaona ikunena za crash recovery kenako ready for connections, osagwirapo chilichonse. Ka table kamodzi kakale komwe kanabwera ndi pulogalamu yawo kanali ka engine yakale ya MyISAM, ako ndiye kanalembedwa kuti crashed mpaka REPAIR TABLE. Ndinakasinthira ku InnoDB ndi ALTER TABLE, nkhani inatha. Amene muli ndi system yakale yoti munaikopera kuchokera pa XAMPP fufuzani engine ya table iliyonse, musangoganiza.

Chomwe sindikuikondera setup iyi nchakuti imabisa matenda. Poti zonse zikudzuka zokha palibe amene amanena kuti lero magetsi anathima kangati, UPS, kabokosi kosunga magetsi komwe sevayo imalumikizidwako, batire yake inafooka osadziwika, ndinazindikira nditaona command ya last reboot ikutulutsa mndandanda wautali wa ma boot a masana. Zili ngati mwana wosalira, umangoti ali bwino. Pano ndikapita ndimayamba ndaona log ndisanalandire ndi tiyi yemwe.

China chaching'ono koma chopweteka, kabatire ka CR2032 ka pa motherboard. Makina akaunjika amabwera nako katatopa kale, kakafa BIOS imaiwala AC Recovery ija komanso wotchi imasokonekera, ndiye makina amatha kuima pa uthenga wodikira F1 pomwe palibe ndi monitor yomwe. Kanthu kotchipa, ogulitsa mawotchi mu msika wa Zomba amakhala nako, sinthiranitu musanaike seva pakona.

Ndipo auto start si backup aise. Ndinaika cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, yoti usiku uliwonse izipanga mysqldump, kukopera database kupita pa disk ina, koma usiku wa blackout cron wamba amangodumpha osabwerera, ndiye ndinasamutsira pa systemd timer yokhala ndi Persistent=true, imeneyo makina akadzuka imagwira ntchito yomwe inaphonya.

Ndingaikenso chonchi kwina? Eya, pa shopu, pa sukulu, pa kachipatala, bola pali munthu woona log mwa apo ndi apo. Ubuntu 22.04 support yake yanthawi zonse ikutha mu 2027, ndiye ndawauza kale eni ake kuti tisanafike kumeneko tidzatseka Lamlungu lina nkukweza, batire ya UPS ndiye akuti agula mwezi ukatha.