Kuyandamitsa jumbo, kudonthetsa kapena kusamutsa msanga: nsomba yatsopano ilowe bwanji mu thanki?

Oweta nsomba m'mathanki a galasi ambiri amadziwa njira imodzi yokha: kuyandamitsa jumbo yomwe nsomba yabweramo pamwamba pa madzi kwa mphindi 15 kapena 20, kenako n'kuimasula. Njirayi imathandiza chinthu chimodzi basi, kuti kutentha kwa madzi a mu jumbo ndi a mu thanki kufanane. Mbuna, nsomba zokhala m'miyala ya mu Nyanja ya Malawi, zimasangalala m'madzi a madigiri 24 mpaka 28, ndipo kuzizira kodzidzimutsa kumazifooketsa. Koma jumbo yomanga siithandiza nsomba kuzolowera pH ya madzi atsopano, womwe ndi muyeso wa asidi m'madzi (asidi akachuluka, pH imatsika).

Apa ndiye pamene kudonthetsa kumapambanira. Mumaika nsomba ndi madzi ake mu ndowa yomwe sinakhudzepo sopo, n'kukoka madzi a mu thanki ndi kapaipi ka mpweya. Kapaipiko mumakamanga mfundo kuti kazitulutsa madontho 2 mpaka 4 pa sekondi. Madzi a mu ndowa akawirikiza kawiri, tayani theka n'kupitiriza, pafupifupi ola limodzi. Nsomba yogulidwa pafupi, imene madzi ake akusiyana kwambiri ndi anu, imakhazikika bwino motere. Ganizirani mbuna: kwawo pH imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, pamene neon tetra, kansomba ka ku mitsinje ya Amazon ku South America, kamazolowera madzi a pH yotsika. Vuto la kudonthetsa ndi loti madzi a mu ndowa amazizira msanga, makamaka mu June ndi July.

Komabe ngati nsomba yayenda ulendo wautali, mwachitsanzo yagona mu jumbo usiku wonse kuchokera ku Salima, ine sindingaidonthetsere. Mu jumbo yotseka nsomba imapuma n'kudzaza madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, pH imatsika, ndipo amoniya wa m'chimbudzi chake amakhala mu mtundu wosapweteka kwambiri. Mukangomasula, mpweya uja umathawa, pH imakwera, amoniya yemweyo amasanduka poizoni amene amawotcha ziwalo zopumira. Ola lodonthetsa limakhala ola lovutika. Zikatero yandamitsani jumbo yosamasula kuti kutentha kufanane, masulani, tolani nsomba ndi kaukonde, ilowe mu thanki nthawi yomweyo. Ambiri amaona ngati nkhanza, koma ndi njira imene imaichotsa msanga m'madzi oipa.

Njira iliyonse mungasankhe, madzi a mu jumbo asalowe mu thanki; amabwera ndi amoniya komanso tizilombo ta matenda monga aja a timadontho toyera pathupi. Madzi a pampopi athireni mankhwala ochotsa klorini musanawagwiritse ntchito. Zimitsani getsi la thanki kwa maola angapo, ndipo tsiku loyambalo musaipatse chakudya.

Oweta mbuna pali china choti musaiwale. Nsombazi zimateteza miyala yawo, ndiye mlendo zimamuthamangitsa mpaka kumung'amba zipsepse. Musanalowetse yatsopano, sunthani miyala yonse kuti eni malo akale nawonso ayambe kufunafuna pobisala, ndipo ndi bwino kulowetsa zingapo pamodzi kusiyana ndi imodzi. Amene ali ndi kathanki kena, nsomba yatsopano ayambe waisunga payokha masabata 2 mpaka 4 kuti aone ngati ikudya bwino komanso ilibe matenda.