Kumangirira mpando wa mwana m'bokosi la njinga: ntchito ya amisiri a ku Mchesi

Njinga zokhala ndi bokosi kutsogolo, zimene anthu a ku Netherlands ndi ku Denmark amanyamulira ana ndi katundu, sizinafale mu Lilongwe, choncho munthu amene ali nayo amavutika kupeza zitsulo zake zenizeni zomangirira mpando wa mwana. Yanga ndi ya matayala awiri, la mainchesi 20 kutsogolo ndi la mainchesi 26 kumbuyo, ndipo bokosi lake ndi la pulayiwudi. Mpando umene ndinali nawo ndi uja womangirira pa kaliyala, wopangidwa motsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 14344, ndipo ndi wa mwana wolemera makilogalamu 9 mpaka 22. Ntchito youlowetsa m'bokosi ndinaipereka kwa amisiri ena owotcherera a ku Mchesi. Pa zitsulo anthu amenewa ndi odalirika, koma pa za chitetezo cha mwana kholo liyenera kupita likudziwa kale chimene likufuna.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti mmisiri wamkulu asanatchule mtengo anayamba wagwada n'kusuzumira pansi pa bokosi. Atadzuka anati, "Bambo, thabwa ili palokha silingagwire mwana pa hampu, tiyenera kugwiritsa ku felemu." Ananena zoona, chifukwa munthu akagwira mabuleki mwadzidzidzi kulemera konse kwa mwana ndi mpando kumakoka mabawuti, ndipo pulayiwudi yopyapyala imang'ambika mozungulira bowo. Iwo anawotcherera kachitsulo kooneka ngati kaliyala wamfupi, n'kukamanga ndi mabawuti a M8 (onenepa mamilimita 8) opyola pansi pa bokosi mpaka pa chitsulo chafulati chimene chakumbatira felemu, ndipo anaikapo mawashala aakulu ndi manati aja okhala ndi pulasitiki m'kati, amene samasuka msanga ndi kugwedezeka. Felemu yeniyeniyo sanaiboole kapena kuiwotcherera, ponena kuti moto umafooketsa paipi yopyapyala. Anakumbukiranso chinthu chimene ambiri akanachiiwala: pa njinga yotereyi chitsulo chowongolera tayala lakutsogolo chimadutsa pansi pa bokosi, ndiye bawuti yaitali ikhoza kuchikola munthu ali pakona. Anapinda mahandulo mbali zonse ziwiri mpaka pothera, ndipo mabawuti amene anayandikira anawadula.

Tinakangana pang'ono pa msinkhu wa mpando. Zopondapo mapazi za mpando wa pa kaliyala zimalendewera m'mbali mwa tayala, choncho m'bokosi zimagunda pansi, ndipo amisiriwo ankafuna kukweza mpando wonse kuti zikwane. Kutero kukanaika mwana pamwamba pa zipupa za bokosi, zimene ndi zomwe zimamutchinjiriza njinga ikagwa, komanso katundu akakhala m'mwamba njinga imapendeka mosavuta pamene ikuyenda pang'onopang'ono. Tinagwirizana zokwezera zopondapozo pa bowo lomaliza n'kutsitsa mpando, womwe tinauika m'bokosi chakumbuyo, pafupi ndi wopalasa, moyang'ana kutsogolo.

Pamene sanandisangalatse ndi pa malamba. Mpandowu uli ndi malamba ogwira malo asanu, awiri m'mapewa, awiri m'chiuno ndi limodzi pakati pa miyendo, koma mnyamata wothandizira ankati n'ngochedwetsa ndipo bola kuika lamba limodzi la chikwama. Mwana wa zaka ziwiri amagona panjira, ndipo akagona lamba la m'chiuno lokha silimuletsa kugwera kutsogolo kapena kutsetsereka n'kutulukira pansi pake. Ankafunanso kuboola pulasitiki ya mpando kuti awonjezere bawuti, zomwe ndinakana chifukwa pulasitiki yobooledwa imayamba kusweka kuchokera pabowo pomwepo. Sanachite makani nditafotokoza, koma n'zoonekeratu kuti kholo lofatsa likanabwerera kunyumba ndi mpando woonongeka.

Kumalizitsa kwawo n'kwa chisawawa. Mabowo a m'thabwa sanawapake penti, chikhalirecho mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala madzi amalowera pomwepo n'kufufumitsa pulayiwudi, ndipo mowotcherera monse anamusiya mosapaka, mongodikira dzimbiri. Panalinso nsonga yakuthwa pafupi ndi pofika chidendene cha mwana, imene anaipala nditaikhudza ndi chala pamaso pawo. Ntchito inachedwa chifukwa cha kuthima kwa magetsi, limene si vuto lawo, ngakhale kuti akanatha kuimba foni m'malo mondisiya kuti ndiyende ulendo wachabe. Mtengo wa ntchito yamanja unali wabwino, koma wa zipangizo ankautchula pang'onopang'ono, choncho ndi bwino kulemberana zonse papepala ntchito isanayambe.

Pamsewu mpando sukugwedera ngakhale m'misewu yafumbi ya ku Area 25, ndipo manati sanamasuke, ngakhale ndimawayesabe ndi sipanala. Tayala laling'ono lakutsogolo limamva dzenje lililonse, ndiye pa mahampu pamafunika kuchepetsa liwiro kuposa mmene wa kabaza amachitira, ndipo msewu wa M1 cha ku Kanengo, kumene kumachuluka mathiraki, ndimaupewa ndikanyamula mwana. Helemeti ndi chotchinga dzuwa la Okutobala ndi zofunika kuzipeza padera, pakuti amisiriwa alibe. Amene ali ndi njinga yotereyi akhoza kupita ku Mchesi mopanda mantha, bola atenge mpando, mwana woti amuyeserepo, kachitini ka penti, ndi nthawi yokhala pomwepo mpaka ntchito ithe.